Khutu ndi Pepala: Za Kuphunzira ndi Kupeka Ndakatulo za Cinyanja pa Yunivesiti

1.0 Mau Oyamba

Caka ndi caka, nyengo ya mayeso ikafika, ife amene timaphunzitsa Cinyanja m'mayunivesiti ndi m'makoleji a uphunzitsi timalandira mulu wa mapepala ofotokoza ndakatulo. Pafupifupi onse amayenda njira imodzi. Wophunzira amachula mutu wa ndakatulo, amawerengetsa ndime ndi mizere, amafufuza ngati mizereyo ikutha mofanana, kenaka amamaliza ndi phunziro limene mlakatuli afuna kutipatsa. Tikampempha wophunzira yemweyo kuti aimirire ndi kulakatula ndakatulo imene wangoifotokozayo, amaiwerenga ngati cidziwitso cokhomedwa pa citseko ca ofesi. Tikamuuza kuti apeke yake, amadabwa, pakuti kupeka sikubwera pa mayeso.

Colakwa si ca wophunzira. Iye akungobweza cimene tinampatsa, ndipo mawa adzakapatsa ana a ku sekondale comweco, popeza ophunzira athu ndiwo amakhala aphunzitsi, oconga mayeso ndi olemba mabuku a sukulu. M'nkhani ino tifuna kuunika miyeso imene timagwiritsa nchito poweruza ndakatulo za Cinyanja. Mfundo yathu ndi imodzi: ndakatulo ya Cinyanja imamangidwa ndi zinthu zimene khutu limamva koma pepala silionetsa, ndipo wophunzira sangazidziwe bwino zinthuzi pokhapokha atayesa kuzigwiritsa nchito iye mwini. N'cifukwa cake tikuti kusanthula ndakatulo ndi kupeka ndakatulo ziyenera kuphunzitsidwa m'kalasi imodzi.

2.0 Kumene Tacokera

Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, caka comwe lamulo la maphunziro linakhazikitsa Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira giredi yoyamba. Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale zinatsala ngati maphunziro apadera m'sukulu ndiponso zinenero za pa wailesi. Sizodabwitsa kuti magazini a olemba acinyamata a nthawi imeneyo, monga New Writing from Zambia ndi The Jewel of Africa, anali a Cingerezi. Masewero ndiwo anayesa kuoloka mtsinje. Gulu la Chikwakwa, limene linayamba pa yunivesitiyi m'masiku a Michael Etherton, linkatenga ophunzira kupita nao m'zigawo kukapeka ndi kuonetsa masewero m'zinenero za anthu a kumeneko. Wophunzira wa masewero ankawerenga, ankalemba, ankaseweranso. Ndakatulo za Cinyanja sizinapeze Chikwakwa wake.

Ku Malawi, kumene Cinyanja cinasinthidwa dzina kukhala Cicewa ndi kukwezedwa kukhala cinenero ca fuko mu 1968, kunabadwa gulu la olemba la pa Chancellor College mu 1970. Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Steve Chimombo ndi Felix Mnthali ndi ena mwa alakatuli amene maina ao amachulidwa limodzi ndi gululi. Iwo ankakumana sabata ndi sabata, aphunzitsi ndi ophunzira pamodzi, kuwerengerana ndi kudzudzulana zolemba zao, ndipo mu 1971 anatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kochedwa Mau. Dzina la kabukuko linali la Cicewa, koma alakatuli a gululi anachuka ndi ndakatulo za Cingerezi. Mapanje mwini, amene anatenga digiri ya udokotala wa sayansi ya zinenero ku London mu 1983, analemba Of Chameleons and Gods ya mu 1981 m'Cingerezi, ndipo anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Mbiri imeneyi itiphunzitsa zinthu ziwiri. Coyamba, gulu la anthu owerengerana zolemba pa yunivesiti lingathe kulera alakatuli enieni. Caciwiri, mwai umenewu unagwera makamaka Cingerezi.

Mabuku oyamba a ndakatulo zolembedwa m'cinenero cathu anacokera kwa aphunzitsi ndi olemba mabuku a sukulu, monga E. J. Chadza mu 1963 ndi J. W. Gwengwe mu 1967. Pambuyo pake panabwera Akoma Akagonera ya mu 1981, imene Enoch Mvula anasonkhanitsa, ndiponso ndakatulo za Benedicto Wokomaatani Malunga, zimene zinafika kwa anthu ambiri kudzera pa wailesi. Manyuzipepala naonso anatsegulira alakatuli masamba, ndipo Pascal Kishindo anasanthula mitu ya ndakatulo za m'manyuzipepala a ku Malawi m'nkhani yake ya mu 2003.

Mbali inayi, akatswiri a zinenero anagwira nchito yaikulu pa kamvekedwe ka Cinyanja. Mark Hanna Watkins analemba galamala ya Cicewa mu 1937 mothandizidwa ndi Kamuzu Banda, amene pa nthawiyo anali wophunzira ku Chicago. Al Mtenje anamaliza kafukufuku wake wa udokotala mu 1986, Jonni Kanerva anatulutsa buku lake mu 1990, ndipo Laura Downing ndi Mtenje anasonkhanitsa zambiri m'buku la mu 2017. Koma nzeru zonsezi zinalembedwa m'Cingerezi, kulembera akatswiri anzao, ndipo zimaphunzitsidwa m'kalasi ya galamala. Wophunzira amamva za kukwera ndi kutsika kwa mau Lolemba, n'kumva za ndakatulo Lacinai, osadziwa kuti nkhani yake ndi imodzi.

3.0 Miyeso Yobwereka

Popeza nzeru za m'kalasi ya galamala sizinalowe m'kalasi ya ndakatulo, malo ake anatengedwa ndi miyeso ya ndakatulo za Cingerezi. Waukulu mwa miyeso imeneyi ndi kufanana kwa mathero a mizere, cimene Angerezi amacha rhyme. Tiyeni tione ndime iyi, imene tapeka tokha motsanzira zimene timalandira kawirikawiri:

Dzuwa latuluka,
Mbalame zauluka,
Anthu onse adzuka,
Mavuto aculuka.

Mphunzitsi wotsata miyeso ya m'buku angapereke malikisi onse, pakuti mizere inai yonse yatha ndi -uka. Koma tifunse kuti mlakatuli wavutikira ciani. M'Cingerezi mau amatha m'njira zambirimbiri, ndipo kupeza awiri ofanana mathero, amenenso akunena cimene mlakatuli afuna, ndi nchito yofuna luso. M'Cinyanja muli mavawelo asanu okha, liu lililonse limatha ndi vawelo, ndipo aneni oculuka amatha ndi -a. Misintho ya aneni, monga -uka, -ula, -itsa, -ana ndi -idwa, imapereka mau ofanana mathero mazanamazana popanda kutuluka thukuta. Cinthu cimene galamala imapereka kwaulere sicingakhale umboni wa luso. Coipa kwambiri n'cakuti mlakatuli wofunafuna mathero ofanana amakakamizika kuika mneni kumapeto kwa mzere uliwonse, ndipo ganizo limayamba kutsata mathero m'malo moti mathero atsate ganizo. M'ndime ili pamwambayi mavuto aculuka cifukwa cakuti mbalame zauluka, palibe cifukwa cina.

Sitili oyamba kukumana ndi vutoli. B. W. Vilakazi, mlakatuli wa Cizulu amene ankaphunzitsa pa Yunivesiti ya Witwatersrand, anayesa mathero ofanana m'buku lake Inkondlo kaZulu la mu 1935, ndipo anateteza njirayi m'nkhani ya mu 1938. H. I. E. Dhlomo anamtsutsa poyera mu 1939, ponena kuti mphamvu ya ndakatulo za makolo ili m'kayendedwe ka mau. Pofika m'buku laciwiri, Amal'ezulu la mu 1945, Vilakazi anali atausiya kwakukulukulu muyeso umenewu. Ku Tanzania nkhani inali yosiyanako, pakuti Ciswahili cili ndi mwambo wakale wa ndakatulo zolembedwa zowerengetsa maphatikizo ndi kufananitsa mathero, umene Amri Abedi anaulemba ngati malamulo mu 1954. Komabe pamene Euphrase Kezilahabi wa pa Yunivesiti ya Dar es Salaam anatulutsa Kichomi mu 1974 mosatsata malamulowo, panabuka mtsutso umene unatenga zaka. Cimene tifuna kuti cidziwike n'cakuti m'maiko onse awiri, mtsutso wa miyeso unayambitsidwa ndi aphunzitsi a pa yunivesiti amene analinso alakatuli. Anadziwa pamene muyeso ukufinya cifukwa anali atauvala okha. Ife sitinakhale ndi mtsutso wotere m'Cinyanja. Tinangolandira muyeso n'kuupereka kwa ana.

Muyeso waciwiri wobwereka ndi wowerengetsa maphatikizo otsindikidwa ndi osatsindikidwa. Cingerezi cimasiyanitsa maphatikizo mwa kutsindika, ndipo mizere ya ndakatulo zake zambiri imamangidwa pa kusinthana kwa phatikizo lolemera ndi lopepuka. Cinyanja sicimanga mau ake motero. Wophunzira amene timamuuza kuti aike zizindikiro za kutsindika pamwamba pa mzere wa Cinyanja amangolota, ndipo ophunzira khumi amabweretsa mayankho khumi. Tikutero osati kunyoza ndakatulo za Cingerezi iai. Khasu la m'dambo ndi labwino, koma sitisemera mtondo.

4.0 Zimene Khutu Limamva

Dzina lenilenilo litikumbutsa kumene tiyenera kuyambira. Liu lakuti ndakatulo licokera kwa mneni kulakatula, monga momwe ndime icokera kwa kulima ndi ndoto kwa kulota. Ndakatulo ndi cinthu colakatulidwa, cotuluka pakamwa. Tichula zinthu zinai zimene zimamanga mzere wa Cinyanja.

4.1 Kutalika kwa phatikizo

M'Cinyanja, phatikizo laciwiri kucokera kumapeto limatalika pamene wolankhula wafika pothera pa kagulu ka mau. Tikanena kuti "mwana wagona", phatikizo -go- limakokedwa. Tikanena kuti "mwana wagona pansi", kukokako kumasamukira pa pa-. Kanerva anaonetsa kuti wolankhula amagawa ciganizo m'timagulu totere molingana ndi liu limene afuna kuligogomezera. Kwa mlakatuli, tanthauzo lake ndi lalikulu: pamene wadula mzere, wakoka phatikizo ndipo wagogomeza liu. Mzere wa ndakatulo ya Cinyanja ndi mpweya umodzi wothera pa phatikizo lokokedwa. Wophunzira amene amadula mizere pongofuna kuti ioneke yofanana kutalika pa pepala amaika kukoka pamalo pamene ganizo silinafune.

4.2 Kukwera ndi kutsika kwa mau

Kalembedwe kathu, kaya ka ku Zambia kovomerezedwa mu 1977 kaya ka ku Malawi, sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mau. Pa pepala, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika ndi liu limodzi, cimodzimodzinso khungu la pathupi ndi khungu la m'maso. Pakamwa ndi mau osiyana. Kusiyanaku kumalowanso m'nthawi za aneni. M'kalankhulidwe ka Acewa ambiri, makamaka a cigawo capakati ca Malawi, "ndimathandiza" wokwera pa phatikizo loyamba amanena za cizolowezi ca masiku onse, pamene "ndimathandiza" wokwera pa -tha- amanena zimene zinali kucitika kale. Cotero mzere wakuti "ndimakukonda" ungakhale lonjezo kapena kutsazika, ndipo amene amagamula ndi wolakatula. Mlakatuli wodziwa zimenezi angathe kuchera msampha pa liu limodzi. Wosanthula amene sanaimve ndakatuloyo ikulakatulidwa angafotokoze cikondi pamene pali cisudzulo.

4.3 Mgwirizano wa magulu a maina

Ngati pali kufanana kwa kamvekedwe kumene Cinyanja cimakonda, kuli kumayambiriro kwa mau. Dzina limalamulira agwirizanitsi a mau onse olitsatira: "cinthu cimene cinandipweteka cija capita", "kamwana kanga kakang'ono kakulira". Wina anganene kuti ici naconso galamala imapereka kwaulere, ndipo n'zoona. Luso lili pa kusankha. Mlakatuli angaike munthu m'gulu la ci- kuti amnyoze kapena kumkuza moopsa, angamuike m'gulu la ka- kuti amcepetse kapena kumcitira cifundo, ndipo angasankhe maina angapo a gulu limodzi kuti liu limodzi lilire m'ndime yonse. Angathenso kudula unyolowo mwadzidzidzi pamene ganizo latembenuka. Khutu limamva kudukako ngakhale womvera sadziwa dzina la gulu lililonse.

4.4 Mvekero ndi kubwereza

Mvekero, monga gwa, zii, mbee, phee ndi nyomi, sutsata malamulo onse a mau ena. Ungakhale wa phatikizo limodzi, ungakokedwe monga momwe wolankhula afunira, unganenedwe mokweza kapena monong'ona. Julius Chongo, amene nthano zake za Poceza M'madzulo zinkamveka pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, anali katswiri wa mvekero, ndipo Ernst Wendland analemba kafukufuku wake wa udokotala wa mu 1979 pa luso la Chongo. Wendland yemweyo, amene anaphunzitsa zaka zambiri pa seminale ya Lutheran kuno ku Lusaka, anasanthula ndakatulo za Cicewa m'buku la mu 1993 ndi colinga comasulira Salimo 22 m'maonekedwe a ndakatulo. Kwa ife, phindu la nchito imeneyi ndi lakuti wosanthulayo anayenera kupeka, ndipo kupekako kunayesa ngati kusanthula kwake kunali koona.

Kubwereza nako ndi msana wa nyimbo za pamtondo, za cinamwali, za maliro ndi za Gule Wamkulu. Mzere waciwiri umatenga cimango ca woyamba n'kusintha liu limodzi, kapena umayamba ndi liu limene woyamba wathera. Wotsogolera amaponya, gulu limayankha. Ophunzira athu akaona kubwereza pa pepala amati mlakatuli anasowa mau, pamene kumanda kapena pa Kulamba ku Mkaika amakuvomera ndi mtima wonse.

4.5 Citsanzo

Tapekanso ndime iyi kuti tionetse zinthu zinaizi zikugwira nchito pamodzi. Malo ake ndi manda a ku Chunga m'mwezi wa Okutobala:

Dothi la ku Chunga lauma gwa,
khasu likagwa lingoti go;
tafika ndi nyimbo, tafika ndi nkhata,
tibwerera ndi fumbi lokha.

Palibe mizere iwiri yofanana mathero mwadala, ndipo maphatikizo sali ofanana ciwerengero. Mizere iwiri yoyamba yathera pa mvekero wa phatikizo limodzi, cotero palibe pokoka. Mpweya ukudukira panjira monga khasu pa nthaka youma. Mizere iwiri yotsiriza yathera pa nkhata ndi lokha, pamene mau akokedwa ngati kulira. Dothi, khasu ndi fumbi ndi maina a gulu limodzi, ndipo agwirizanitsi ao la-, li- ndi lo- akumanga ndime yonse. Mzere wacitatu wadula unyolowo ndi ta- wa anthu olira, koma wacinai wabwezeretsa anthuwo ku gulu la dothi. Mneni likagwa akubwereza mvekero gwa, ndipo tafika wobwerezedwa kawiri akuyankhidwa ndi tibwerera. Sitikunena kuti ndime imeneyi ndi ndakatulo yaikulu. Tikunena kuti zonse zimene zikuigwirizitsa sizipezeka pa mndandanda wa mafunso amene timapatsa ophunzira.

5.0 Cinyanja ca Yani?

Kuchula Chunga kwatifikitsa pa funso lina. Ambiri mwa ophunzira athu a kuno ku Lusaka sanakulire ku Katete kapena ku Chadiza. Anakulira ku Chunga, Matero, Kabwata ndi Chelstone, ndipo ena a ku Woodlands ndi Kabulonga anaphunzira Cinyanja m'minibasi ndi pa msika wa Soweto. Cinenero cao ca tsiku ndi tsiku ndi Cinyanja ca m'tauni, cimene catenga zambiri ku Cinsenga, Cibemba ndi Cingerezi, ndipo cinafotokozedwa m'buku lophunzirira lochedwa Town Nyanja la mu 2013. Pamene boma linayamba kuphunzitsa ana a giredi 1 mpaka 4 m'zinenero za m'zigawo mu 2014, ana a m'Lusaka anapatsidwa mabuku a Cinyanja ca m'buku, cimene maziko ake ndi Cicewa, ndipo mtunda wa pakati pa zinenero ziwirizi unaoneka poyera.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati ya kulondola ndi kulakwa. Ife tifuna kuiona ndi khutu la mlakatuli. Wa m'buku amati "anthu onse abwera", wa m'tauni amati "bantu bonse babwela". Wa m'buku amati "zinthu zonse zatha", wa m'tauni amati "vintu vonse vasila". Mgwirizano wa gulu la anthu, umene m'Cicewa uli wa mavawelo ofewa, m'tauni ukulira ndi b katatu. Kumene Cicewa cili ndi z, tauni ili ndi v. Kusiyanaku kukusintha kamvekedwe ka mzere wonse, ndipo oimba a m'Lusaka akhala akukugwiritsa nchito kwa zaka zambiri. Mphunzitsi amene amadula "bantu bonse" ndi inki yofiira m'ndakatulo ya wophunzira, osafunsa kuti akulankhula m'ndakatulomo ndani, wadula cida m'manja mwa mmisiri.

Sitikunena kuti Cinyanja ca m'buku citayidwe. Mphunzitsi wa mawa ayenera kucidziwa bwino, pakuti ndico cimatsegula Chadza, Gwengwe ndi nyimbo za makolo, ndiponso ndico cimatilumikiza ndi owerenga a ku Malawi ndi a ku Tete. Koma wophunzira amene amakakamizidwa kupeka m'cinenero cimene sanalirepo naco maliro amatulutsa ndakatulo za dzuwa lotuluka ndi mbalame zouluka. Amatola miyambi m'buku n'kuisanja ngati njerwa zopanda matope. Njira yabwino ndi yakuti apeke m'zinenero zonse ziwiri, asandutse ndime imodzi kucokera ku cina kupita ku cinzake, kenaka afotokoze cimene catayika ndi cimene capezeka. Pocita zimenezi adzaphunzira galamala ya Cicewa mozama kuposa poloweza magulu a maina.

6.0 Kupeka M'kalasi

Anzathu ena amatsutsa maganizowa pa zifukwa zitatu, ndipo n'zoyenera kuziyankha.

Coyamba, amati ulakatuli ndi mphatso yobadwa nayo ndipo sungaphunzitsidwe. Tivomereza kuti palibe kosi imene ingapange Mapanje. Koma colinga cathu coyamba ndi kupanga owerenga ndi aphunzitsi odziwa kumva. Wophunzira zoimba amaphunzira kuimba ng'oma ngakhale sadzakhala katswiri, cifukwa dzanja limaphunzitsa khutu. Mwa ophunzira makumi asanu, mwina mmodzi adzapitiriza kupeka. Otsalawo adzakhala aphunzitsi amene sangaphe mphatso ya mwana wa giredi 9 pofuna mathero ofanana.

Caciwiri, amati yunivesiti ndi malo a kafukufuku ndipo kupeka ndi masewera. Roman Jakobson, mmodzi wa akatswiri akuluakulu a sayansi ya zinenero, anaonetsa m'nkhani yake ya mu 1960 kuti kusanthula ndakatulo ndi gawo la sayansi imeneyi. Ku America, Yunivesiti ya Iowa inakhazikitsa maphunziro a kupeka mu 1936. Ku Nairobi mu 1968, Ngugi wa Thiong'o, Taban lo Liyong ndi Henry Owuor-Anyumba anapempha kuti zolemba ndi zapakamwa za mu Afirika zikhale pakati pa maphunziro. Okot p'Bitek anayamba kulemba Song of Lawino m'Ciacholi, ndipo anali wofufuza nyimbo za kwao asanachuke ngati mlakatuli. Kwa anthu onsewa kafukufuku ndi kupeka zinkadyetsana.

Cacitatu, amafunsa kuti ndakatulo ingacongedwe bwanji popanda kukondera. Funsoli ndi lolemera, ndipo yankho lathu lili m'kakonzedwe ka nchito. Tikupereka njira iyi. M'gawo loyamba la kosi, wophunzira aliyense ajambule mau a nyimbo kapena ndakatulo imodzi yapakamwa, kaya ku maliro, ku cikwati, ku chalichi kapena kwa agogo ake, atapempha cilolezo kwa eni ake ndipo osakhudza zinsinsi za kudambwe kapena za kutsimba. Foni ya m'manja ikwanira pa nchito imeneyi. Ailembe pa pepala, aike zizindikiro pamene mau akwera ndi pamene phatikizo lakokedwa, ndipo afotokoze cifukwa cimene wadulira mizere pamene waidulapo. M'gawo laciwiri, apeke ndime zazifupi zoyesa cida cimodzi pa nthawi: sabata ino mgwirizano, sabata yamawa mvekero, inayo liu la matanthauzo awiri. M'gawo lacitatu, kalasi ikhale monga gulu lija la pa Chancellor College: wopeka alakatule, anzake amve asanaone pepala, kenaka adzudzule. Pomaliza apereke ndakatulo zisanu kapena zisanu ndi imodzi, zolembedwa ndi zojambulidwa mau, pamodzi ndi nkhani yofotokoza zimene anasankha ndi zimene anasintha atamva anzake. Malikisi ambiri akhale pa nkhani yofotokozayo ndi pa kusiyana kwa colemba coyamba ndi comaliza. Mphunzitsi sakuconga mphatso. Akuconga ngati wophunzira akudziwa cimene wacita.

Njira imeneyi ili ndi phindu lina. Kalasi yotere imafuna mau ochulira zinthu m'Cinyanja momwemo. Tili nao kale mau monga ndime, mzere, phatikizo, mvekero, mgwirizano ndi cining'a, koma tilibe mau ogwirizanapo onena za kukwera kwa liu kapena kukoka kwa phatikizo. Mau otere sabadwa m'komiti. Amabadwa pamene anthu akutsutsana za mzere umene uli patsogolo pao, ndipo amene agwira amakhala. Kumbukirani kuti zinenero zathu zimafotokozedwa kwambiri m'Cingerezi. Kalasi ya kupeka ndi amodzi mwa malo ocepa pa yunivesiti pamene Cinyanja cingadzifotokoze cokha.

7.0 Mau Omaliza

Taonetsa kuti miyeso iwiri imene tinabwereka ku Cingerezi, ya mathero ofanana ndi ya kutsindika, siyeza cimene cimamanga ndakatulo ya Cinyanja. Taonetsanso kuti zomangira zenizeni, zimene ndi kukoka kwa phatikizo, kukwera ndi kutsika kwa mau, mgwirizano, mvekero ndi kubwereza, zinafotokozedwa kale ndi akatswiri a zinenero, koma zinatsala m'kalasi ya galamala. Pempho lathu kwa madipatimenti a zinenero za mu Afirika ndi lakuti mphunzitsi wa kamvekedwe ka mau ndi mphunzitsi wa zolemba akonze kosi imodzi ya ndakatulo, imene kupeka ndi kulakatula zidzakhala ndi malikisi ake. Kwa aphunzitsi a ku sekondale, pempho ndi locepa: ndakatulo iliyonse imveke kawiri m'kalasi ana asanaione pa bolodi. Kwa oconga mayeso, funso lofuna mathero ofanana lilowedwe m'malo ndi funso lofuna kuti mwana afotokoze pamene mzere wadulidwa ndi cifukwa cake.

Patsala nchito ya kafukufuku imene nkhani ino sinakwanitse. Tifunika kujambula alakatuli osiyanasiyana akulakatula ndakatulo imodzi, a ku Chipata, a ku Lilongwe ndi a ku Chunga, kuti tione ngati amadula mpweya pamalo amodzi. Tifunikanso kudziwa cimene cimacitikira kukwera ndi kutsika kwa mau pamene ndakatulo yasanduka nyimbo. Ophunzira a kosi imene tafotokozayi ndiwo angasonkhanitse zojambula zoyamba.